Makala satulutsa utsi, nanga chopha anthu n'chiyani?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wa Fomu 3 wa ku Chibavi. Akuti: "Juni akafika kuno ku Mzuzu kumazizira koopsa, ndiye ndikamawerenga usiku ndimafuna kulowa ndi mbaula kuchipinda. Amayi amandikaniza, amati makala amapha. Komatu makala akakolera satulutsa utsi ngati nkhuni. Chopha n'chiti?"

Mng'ono wanga, amayi akunena zoona, ndipo ndikufuna udziwe chifukwa chake, osangomvera chabe.

Uyambe wayatsa kandulo. Ikayaka bwino, izimitse ndi mpweya wa pakamwa, kenaka fikitsa machesi oyaka pa kautsi koyera kamene kakukwera m'mwamba, osakhudza chingwe. Uona lawi likutsetsereka ndi utsiwo mpaka kandulo kuyakanso. Pamenepo waona ndi maso ako kuti chimene chimapanga lawi ndi mpweya woyaka. Sera imasungunuka, imakwera ndi chingwe, imasanduka nthunzi, ndipo nthunziyo ndi imene imayaka.

Nkhuni nazo zimatero. Chikuni chikatentha kufika madigiri pafupifupi 300 a Celsius, chimayamba kuphwanyika mkati n'kumatulutsa mipweya yoyaka. Mipweyayo ikakumana ndi okosijeni pali kutentha kokwanira, timaona malawi. Ikalephera kupsa yonse, timaona utsi. N'chifukwa chake nkhuni zonyowa ndi kamvula kathu kosatha kano zimaliritsa munthu pamafuwa: kutentha kwambiri kumathera pa kuumitsa madzi.

Tsono makala ndi nkhuni zimene mipweya ija inachotsedwa kale. Wootcha makala amaunjika mitengo, amakwirira ndi dothi, n'kungosiya timabowo toti mpweya uzilowa pang'onopang'ono. Utsi wonse umathera kuthengo komweko, chotsala chimakhala kaboni ndi phulusa pang'ono. Ndiye makala amangonyeka chamumtima, kufiira, opanda malawi aakulu.

Apa ndiye pagona nkhani. Moto uliwonse umafuna zinthu zitatu, choyaka, kutentha ndi okosijeni. Amene anaonetsa kuti kuyaka ndi kuphatikizana kwa chinthu ndi okosijeni ndi Antoine Lavoisier wa ku France, m'zaka za m'ma 1770. Mu mpweya umene timapumawu okosijeni amatenga magawo 21 okha pa 100 alionse, wambiri ndi nayitirojeni amene sathandiza moto. Okosijeni (O₂) akakhala wokwanira, kaboni (C) amapsa kotheratu n'kupanga mpweya wa carbon dioxide (CO₂):

C + O₂ → CO₂

Akaperewera, kaboni amangopsa theka:

2C + O₂ → 2CO

CO ameneyu, carbon monoxide, ndiye wakupha uja. Saoneka, sanunkha, satsokomoletsa. Utsi wa nkhuni umakuchenjeza, umakuwawa m'maso mpaka kutsegula chitseko. CO sachenjeza munthu. Ndipo usaganize kuti makala ofiira bwino ndiye kuti CO watha. Mkati mwa mulu wa makala mpweya sufika mokwanira, choncho amapangidwabe nthawi yonse. Ukadzaona timalawi tabuluu tikuvina pamwamba pa mbaula usiku, dziwa kuti ndi CO akupsa atakumana ndi mpweya wa kunja. Sapsa yense. Pakhonde wotsalayo amapita ndi mphepo, koma m'chipinda chotseka mawindo, chotsekera ndi chiguduli pansi pa chitseko poopa chisanu, amangounjikana.

M'magazi muli haemoglobin amene ntchito yake ndi kunyamula okosijeni. CO amamatirira pa haemoglobin mwamphamvu kuposa okosijeni maulendo opitirira 200. Munthu amapuma ndithu, koma magazi amafika ku ubongo opanda katundu. Amayamba kumva mutu, chizungulire, nseru, kufooka ndi tulo. Chimene chimandiopsa ine pa nkhani yakoyi n'chakuti wophunzira wowerenga usiku amatenga zonsezi ngati kutopa wamba, amaika mutu pa kope kuti apumeko pang'ono.

Ku labotale ukaonanso zomwezi pa Bunsen burner, kachitofu ka gasi kotenthetsera zinthu. Ukatseka kabowo ka mpweya lawi limakhala lachikasu, lofooka, lodetsa chilichonse ndi mwaye, chifukwa tizidutswa ta kaboni tosapsa tikungowala ndi kutentha. Ukatsegula limasanduka labuluu, lotentha kwambiri. Gasi wa kukhitchini akamayaka chikasu n'kumada pansi pa poto, ndiye kuti mpweya ukuperewera ndipo chitofu chikufunika kuonedwa.

Za kuzizirako, otha mbaula pakhonde kapena kukhitchini kotsegula, ukamalowa uisiye panja. Thira madzi ofunda m'botolo lolimba, kulunga ndi chitenje, ika ku mapazi, vala juzi ndi chipewa. Ukadzapeza munthu atafooka m'chipinda muli mbaula, tsegula chitseko ndi mawindo, mutulutse kunja msanga, thamanga naye ku chipatala ngakhale aoneke ngati watsitsimuka. Ukafika uwauze madokotala kuti anali m'chipinda cha makala, kuti amupatse okosijeni mosachedwa.