Muyambe ndi galamala, mawu kapena kukambirana? Yankho langa

Achemwali, mwafunsa kuti popeza munaphunzira Chingerezi zaka zambiri ndipo malamulo ake ambiri mumawadziwa, n'chifukwa chiyani m'kamwa mumauma munthu akakuyankhulani, ndipo mukufuna kudziwa ngati mubwerere ku buku la galamala, muloweze mawu ambiri, kapena mungoyamba kukambirana ndi anthu. Ndakhala ndikuthandiza akuluakulu kuphunzira chiyankhulochi kwa nthawi ndithu, ndipo maganizo anga ndi akuti muyambe kuyankhula sabata ino yomwe, kenaka zimene zikukukanikani poyankhulapo ndizo zizikuuzani tsamba la galamala loti mutsegule ndiponso mawu oti muloweze.

Ndifotokoze chifukwa chake. M'zaka za m'ma 1980, katswiri wa ziyankhulo wa ku America, Stephen Krashen, ankaphunzitsa kuti munthu amatola chiyankhulo chachiwiri pomva ndi powerenga zinthu zimene akutha kuzimvetsa, zomwe zangopitirira pang'ono pamene iye wafika. Mfundo imeneyi ndi yoona, ndipo munthu amene sawerenga kapena kumvetsera sangapite patali. Koma mu 1985, katswiri wina wa ziyankhulo, Merrill Swain, anafotokoza zimene anaona pa ana a ku Canada amene kwawo ankayankhula Chingerezi koma kusukulu ankaphunzira maphunziro awo m'Chifalansa. Patapita zaka zambiri, anawo ankamva Chifalansa bwino kwambiri, koma akati ayankhule kapena alembe, galamala yawo inkaperewerabe, ndipo Swain anati china mwa zifukwa zake chinali chakuti mpata woti ayankhule okha motalika unali wochepa. Munthu akamamvetsera amatha kudumpha timawu ting'onoting'ono n'kumvabe nkhani yonse, koma akamayankhula sangadumphe kalikonse: ayenera kusankha yekha nthawi ya mneni, mlowam'malo ndi mperekezi, ndipo ndi pamenepo pamene amazindikira chimene akusowa. Ndikuona kuti inunso mwafika pomwepo.

Tsono za galamala. Sindikukulangizani kuti muwerengenso buku lonse kuyambira tsamba loyamba, chifukwa zambiri zimene zili m'menemo sizikuvutani ayi. Zolakwa zimene ife oyankhula Chichewa timabwerezabwereza zimachokera pamalo owerengeka pamene ziyankhulo ziwirizi zimasiyana, ndipo pamenepo m'pofunika kukhalitsapo.

Chichewa chili ndi mlowam'malo mmodzi, "iye", wa mwamuna ndi mkazi yemwe, pamene Chingerezi chimasiyanitsa "he" ndi "she". Lamuloli aliyense amalidziwa, koma nkhani ikafika pokoma lilime limabwerera ku chizolowezi, ndipo mumva munthu wophunzira bwino akunena "my mother, he said". Kuwerenganso lamulo sikungathetse zimenezi. Chimene chimathandiza ndi kufotokoza mokweza nkhani ya anthu awiri, mwamuna ndi mkazi, mobwerezabwereza mpaka pakamwa pazolowere. Timawu ta "a", "an" ndi "the" natonso m'Chichewa mulibe. Njira yosavuta yoyambira ndi iyi: chinthu chimodzi chowerengeka mukachitchula koyamba, womvera asanachidziwe, mumati "a book", koma mukachitchulanso, nonse mukudziwa kuti ndi buku liti, mumati "the book".

Palinso mawu athu amene amanyamula matanthauzo angapo omwe Chingerezi chimawagawa. Timati kumva mawu, kumva fungo, kumva ululu, ngakhale kumva nkhani m'lingaliro loimvetsa, koma kumeneko pamafunika "hear", "smell", "feel" ndi "understand". Timatinso "ndibwerekeni cholembera" ndiponso "ndabwereka cholembera" ndi mneni mmodzi yemweyo, n'chifukwa chake ambiri amati "borrow me your pen", pamene wopereka amachita "lend" ndipo wolandira ndiye amachita "borrow".

Chimene ndimafuna kuti wophunzira aliyense achigwire msanga ndi kayankhidwe ka funso lokana, chifukwa ichi sichingomveka molakwika chabe koma chimasintha uthenga wonse. M'Chichewa munthu akafunsa kuti "Simunapite?" timayankha kuti "Inde", kutanthauza kuti n'zoona, sitinapite. M'Chingerezi, akafunsa "Didn't you go?" ndipo simunapite, yankho ndi "No, I didn't", ndipo mukangoti "Yes" womvayo aganiza kuti munapita. Bambo wina amene ndinkamuphunzitsa anafunsidwa ndi mkulu wa pantchito pake kuti "Didn't you receive the letter?", iye n'kuyankha "Yes" pofuna kuvomereza kuti kalatayo sanailandire. Anaimbidwa mlandu wonyalanyaza kalata imene sanaionepo, ndipo pondifotokozera nkhaniyi manja ake ankanjenjemera. Kuyambira pamenepo ndimalangiza aliyense kuti funso lotere aziliyankha ndi chiganizo chathunthu, osati ndi liwu limodzi.

Musaiwale kuti pena Chichewa chimakuthandizani. Kusiyana kwa "ndafika" ndi "ndinafika dzulo" kuli pafupi kwambiri ndi kusiyana kwa "I have arrived" ndi "I arrived yesterday", choncho monga mmene simunganenere kuti "ndafika chaka chatha", musanenenso "I have arrived last year". Aneni amene satsata lamulo la "-ed", monga "go, went, gone", alipo pafupifupi 200, ndipo amenewa ndi ofunika kungowaloweza, kuyambira amene mumawagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku.

Pa nkhani ya mawu, funso lenileni ndi lakuti mawu ake ati. Mu 1953, katswiri wa kaphunzitsidwe ka Chingerezi, Michael West, anasindikiza mndandanda wa mawu pafupifupi 2,000 amene amapezeka kawirikawiri m'Chingerezi, wotchedwa General Service List, ndipo mawu ochuluka choncho amakwanira pafupifupi mawu 80 pa 100 aliwonse a m'nkhani wamba yolembedwa. Katswiri wina, Paul Nation wa ku New Zealand, anawerengera mu 2006 kuti munthu wofuna kuwerenga mabuku ndi nyuzipepala momasuka, akudziwa mawu 98 pa 100 aliwonse, amafunika mabanja a mawu 8,000 mpaka 9,000, pamene pa zoyankhula amafunika 6,000 mpaka 7,000. Banja la mawu ndi liwu pamodzi ndi ana ake, monga "help", "helped", "helper" ndi "helpful". Ziwerengerozi zisakufooketseni, zikungosonyeza kuti mawu 2,000 oyambirirawo ndiwo amasenza katundu wolemera, ndipo ndi amene muyenera kuwadziwa mpaka kumatha kuwatulutsa osaganiza, musanathamangire mawu akuluakulu osowa.

Liwu musaliloweze lili lokha. Muziliphunzira pamodzi ndi anzake amene limayenda nawo, chifukwa amati "make a mistake" koma "do homework", ndipo palibe lamulo lomveka bwino limene lingakuuzeni zimenezi. Chimodzimodzinso aneni amene amasintha tanthauzo akatsatiridwa ndi kaliwu kena: "look after" ndi kusamalira, "look for" ndi kufunafuna, "give up" ndi kugonja kapena kusiya. Ambiri timawazemba n'kumasankha mawu aatali a m'mabuku, koma pocheza eni chiyankhulo amagwiritsa ntchito kwambiri afupiafupiwa. Kukhala ndi mawu awiriawiri otere, monga "ask" ndi "inquire", kapena "begin" ndi "commence", kunakula Anomani, anthu ochokera kumpoto kwa France, atagonjetsa England mu 1066, pamene mawu ochuluka a Chifalansa analowa m'Chingerezi n'kukhala pambali pa akale aja. Za kuiwala, katswiri wa zamaganizo wa ku Germany, Hermann Ebbinghaus, anasonyeza mu 1885 kuti zambiri zimene munthu waloweza zimatayika m'maola ndi masiku oyambirira, choncho mawu khumi amene mwawabwereza mawa, patatha masiku atatu, ndiponso patatha sabata, amakhalitsa kuposa mawu 50 olowezedwa usiku umodzi.

Katchulidwe ndingokhudzako. Chichewa chili ndi malembo a liwu asanu amene amamveka mofanana nthawi zonse, pamene Chingerezi cha ku Britain chili ndi mamvekedwe a liwu pafupifupi 20, n'chifukwa chake "ship" ndi "sheep", kapena "walk" ndi "work", zimatisokoneza. Kwa ife "l" ndi "r" sizisintha tanthauzo la mawu, koma "play" ndi "pray" ndi zinthu ziwiri zosiyana. Limbanani ndi kusiyana kumene kumasintha tanthauzo. Kamvekedwe ka kwanu m'mawu anu si cholakwa, ndipo anthu ambiri amene amayankhula Chingerezi padziko lapansi sanabadwe nacho.

Kukambirana kumene ndikunena si kucheza mwachisawawa. Pezani munthu mmodzi kapena awiri, mugwirizane mutu dzulo lake, ndipo aliyense akonzekere mawu asanu atsopano amene akufuna kuwagwiritsa ntchito. Muyankhule mphindi 15 kapena 20 mukujambula mawu pa foni, ndipo mnzanuyo asakuduleni pakamwa pofuna kukukonzani, chifukwa munthu wodulidwa pa chiganizo chilichonse amasiya kuganiza za nkhani n'kuyamba kuopa. Liwu likakuthawani musakhale chete kapena kubwerera ku Chichewa: lifotokozeni mozungulira, monga kunena "the thing you use to open a door" pamene "key" wasowa. Mukatha, mverani zimene mwajambulazo ndipo mulembe zolakwa zitatu zokha zimene zabwera kawirikawiri.

Mayi wina amene anatsata njira imeneyi anali ndi kope logawidwa pakati ndi mzere. Kumanzere ankalemba chimene ananena, monga "she go to work every day", kumanja n'kulemba "she goes", ndipo cholakwa chikapanda kumveka pa zojambula zitatu zotsatizana ankachikhwatcha ndi cholembera chofiira. Tsiku loyamba kumva mawu ake anatseka kumaso ndi manja chifukwa cha manyazi, koma sanafufute chojambulacho, ndipo patatha miyezi itatu anachimveranso n'kutola yekha zolakwa zimene poyamba sankazimva n'komwe.

Ngati mungalole, lembani pansipa ziganizo zisanu m'Chingerezi zofotokoza zimene munachita dzulo, mutchulemo mwamuna mmodzi ndi mkazi mmodzi, ndipo musayang'ane m'buku polemba. Ndiziwerenga ndipo ndikuuzani zinthu zitatu zoti muyambe nazo.