Neti ndi yatsopano, nanga udzudzu bwanji sukufa?

FUNSO: Zikomo a mlangizi. Ndinalandira neti yatsopano kusikelo ndipo ine ndi mwana timagonamo usiku uliwonse. Koma ndimaona udzudzu ukutera pa netiyo n'kuulukanso uli bwinobwino. Apongozi anga akuti anatipatsa yopanda mankhwala. N'zoona? — Nachisale, Kawale

YANKHO: Mayi Nachisale, apongoziwo akukumbukira maneti akale, aja udzudzu unkangoti kugunda, pansi phi! Maneti amenewo anali ndi mankhwala amtundu umodzi, a pyrethroid, ndipo udzudzu wa kuno ku Malawi unawazolowera moti wambiri sukufanso nawo.

N'chifukwa chake kunabwera maneti a mankhwala awiri. Yang'anani kansalu kolembedwa kamene kali pamsoko. Mukaona PBO, ndiye kuti muli mankhwala olepheretsa thupi la udzudzu kusukulutsa poizoni, kuti mankhwala akale aja agwirenso ntchito. Mukaona Interceptor G2, muli mankhwala otchedwa chlorfenapyr, ndipo bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalimbikitsa maneti amtunduwu mu 2023. Mankhwalawa sapha pompopompo. Amaufoola udzudzu pang'onopang'ono, ndipo umakafera kwina, mwina patatha masiku awiri kapena atatu.

Mwina mukuti, ndiye phindu lake n'chiyani? Udzudzu ukaluma munthu wodwala malungo, tizirombo timatenga masiku 10 kapena kuposerapo kuti tikhwime m'thupi mwake, tisanafike popatsira wina. Umene waluma wodwala Lolemba, n'kutera pa neti yanu tsiku lomwelo, n'kufa Lachinayi sunapatsire aliyense malungowo, ngakhale mtembo wake simuuona. Ine ndemwe zinanditengera nthawi kuti ndizivomereze, chifukwa ndinazolowera kusesa udzudzu wakufa m'mawa.

Komanso si udzudzu wonse wa ku Kawale umene uli wa malungo. Wambiri umene umatisokosera m'tauni muno ndi wa mtundu wa Culex, woswana m'ngalande za madzi oipa ndi m'zimbudzi. Wa malungo ndi Anopheles wamkazi, wokonda zithaphwi za mvula ndi maenje oumbira njerwa, ndipo ukatera umaimika kumbuyo m'mwamba.

Chimene chingathetsedi mphamvu ya netiyo ndi kachapidwe. Muziichapa mwa apo ndi apo ndi sopo wamtanda, osaipikicha pamwala, ndipo muziiyanika pamthunzi. Ikabooka isokeni tsiku lomwelo. Mukapitanso kusikelo mufunse ngati mwanayo wafika msinkhu wolandira katemera wa malungo, uja anayambira ku Mitundu mu 2019.