Kodi h-index yochepa ikusonyeza kuti katswiri wa masamu ndi wofooka?

Wowerenga wina wanditumizira imelo. Akufuna kuchita PhD ya numerical analysis, masamu okonza njira zoti kompyuta izipeza mayankho oyandikira a mafunso osatheka kuwerengera pamanja. Wapeza pulofesa amene ntchito zake zamugwira mtima, koma pa Google Scholar, tsamba lofufuzirapo zolemba za akatswiri, h-index yawo (nambala yoyezera mmene zolemba za munthu zimatchulidwira) ndi yotsika kwambiri poyerekeza ndi ya akatswiri a zamankhwala a payunivesite yomweyo. Akufunsa ngati ndi bwino kufunafuna wina.

Musathamangire kuwasiya. Nambala imeneyi anaiyambitsa Jorge Hirsch, katswiri wa physics, mu 2005. Munthu akakhala ndi h-index ya 10, ndiye kuti ali ndi mapepala 10 amene lililonse latchulidwa m'mapepala ena kosachepera ka 10. Basi. Siiona kuti a zamankhwala amalemba mapepala ambiri m'magulu akuluakulu, pomwe wamasamu amatha kukhalira pepala limodzi chaka chonse, yekha kapena ndi mnzake mmodzi. Kuwayerekeza n'kulakwira onse awiri.

Chachikulu n'chakuti masamu amachedwa kupsa. Taonani njira ya conjugate gradient, yothetsera ma equation ambiri olumikizana, imene Magnus Hestenes ndi Eduard Stiefel anaifalitsa mu 1952. Pa makompyuta a nthawiyo sinkapereka zimene anthu ankayembekezera, chifukwa timazolakwika tobwera pofupikitsa manambala tinkaunjikana, ndipo ambiri anaitaya. Mu 1971 John Reid anasonyeza kuti ikamagwiritsidwa ntchito mobwerezabwereza pa matrix (matebulo a manambala) aakulu odzaza ndi ziro, imathandiza kwambiri. Lero ili m'gulu la njira zodziwika kwambiri pa masamu amenewa. Akanati ayeze awiriwa ndi impact factor, nambala yoyezera magazini imene imangowerenga mmene mapepala atchulidwira m'zaka ziwiri, bwenzi atawaona ngati olephera. Lipoti la Citation Statistics la 2008, limene International Mathematical Union inatulutsa limodzi ndi mabungwe ena awiri, linadandaula za vuto lomweli.

Pali china chimene chimandiseketsa. Njira ikayenda bwino kwambiri, anthu amasiya kuitchula. Ikalowa m'mapulogalamu a pakompyuta monga LAPACK kapena MATLAB, injiniya amangolemba mzere umodzi n'kupeza yankho, osadziwa n'komwe kuti anaitulukira ndani. Palibenso amene amatchula zolemba za Gauss, katswiri wakale wa masamu, akamagwiritsa ntchito njira yodziwika ndi dzina lake yochotsera manambala mu matrix.

Nanga muyang'ane chiyani? Tsegulani MathSciNet kapena zbMATH, masamba a pa intaneti osunga ndi kuunika zolemba za masamu. Manambala ake amakhala ochepa kuposa a Google Scholar chifukwa sawerengera zonse zopezeka pa intaneti. Onani kumene pulofesayo amafalitsa: SIAM Journal on Numerical Analysis, Numerische Mathematik ndi Mathematics of Computation ndi magazini ovuta kulowamo. Musadabwe mukaona dzina lawo lili kumapeto, popeza amasamu ambiri amandandalika mayina motsatira alifabeti. Ndiye tengani mapepala awo atatu aposachedwa, muone amene akuwatchula: ndi iwo eni ndi ophunzira awo okha, kapena magulu ena amene atenga njirayo n'kuigwiritsa ntchito? Mukamaliza, lemberani mmodzi mwa amene anachita PhD m'manja mwawo, mumufunse ngati pulofesayo ankawerenga zolemba zake n'kumuyankha pa nthawi yake.