Funsani Adokotala: Opareshoni ya timabowo, mwana wanga achiriratu?

FUNSO: Adokotala, mwana wanga wamkazi ali ku Leeds ku England, zaka ziwiri tsopano akuvutika m'mimba, kutsekula, kupotokola, waonda zoti tikamayankhulana pa WhatsApp ndimangogwetsa misozi. Kumeneko akuti ndi matenda otupitsa matumbo otchedwa Crohn's ndiye akufuna amuchite opareshoni yosang'amba mimba, angoboola timabowo basi. Matumbo angatuluke bwanji pa kabowo? Nanga akatero achiriratu? Mayi wa ku Area 25, Lilongwe.

YANKHO: Pepani mayi, mwana akadwalira kutali mtima sukhala m'malo. Opareshoniyi amaitcha laparoscopy. Akamugoneka tulo amaboola timabowo titatu kapena tinayi, kalikonse ngati sentimita imodzi, kenako amapopera mpweya wa carbon dioxide kuti mimba ifufume apeze malo ogwirira ntchito, nkulowetsa kamera ndi zida zazitali zowonda, dokotala maso ali pa sikirini. Gawo la matumbo lowonongekalo, lomwe kawirikawiri limakhala pomwe matumbo aang'ono amathera nkulumikizana ndi aakulu, amalitulutsira pa bowo limodzi lomwe amalikulitsako pang'ono, nthawi zambiri pa mchombo, otsalawo nkuwalumikiza.

Koma musanyengeke ndi kuchepa kwa mabalawo ayi, mkatimo ntchito ndi yaikulu ndithu ngati ya mpeni yomwe ija. Ubwino wake ululu umachepa, munthu amadzuka msanga nkuyamba kuyenda ndipo kuchipatala sakhalitsa. Akadzakuimbirani kuti phewa likuwawa musadabwe, ndi mpweya uja, umatha pamasiku ochepa. Zimachitikanso kuti akalowa amapeza matumbo amatana kwambiri ndiye amasintha nkung'amba ndithu, sikulakwitsa kumeneko, ndikuteteza moyo. Komanso afunsiretu ngati pali mwayi woti adzuke ali ndi thumba lolandirira chimbudzi pamimba, anthu ambiri amachita manyazi kufunsa izi kenako nkudzakhumudwa.

Zochiriratuzo ndikuuzeni mosabisa, Crohn's sathera pa mpeni. Amatha kugwira paliponse kuyambira mkamwa mpaka kotulukira, ndipo amakonda kubwerera pamalo alumikiza paja, nchifukwa chake pakapita miyezi 6 mpaka 12 amamuunikanso ndi kamera ya colonoscopy, yolowetsa kotulukira chimbudzi, ndipo mankhwala asasiye yekha. Mnzake wa matendawa, ulcerative colitis, ndi amene amangokhala m'matumbo aakulu moti akawachotsa onse vuto la m'matumbolo limatha. Ngati mwana wanu amasuta fodya mulimbane naye asiye, pa Crohn's fodya ndi amene amawabweretsa msanga.

Chimodzi chomwe ndikufuna mumuuze lero lomwe: awauze madokotala kuti anakulira ku Malawi, komanso ngati kunyumba wina anadwalapo TB. TB ya m'matumbo imafanana kwambiri ndi Crohn's, imagwira malo omwewo, ndipo mankhwala a Crohn's ngati prednisolone ndi infliximab amafooketsa chitetezo cha mthupi moti TB yobisala imatha kudzuka. Mwina anamuyeza kale, koma afunsebe kuti amve ndi makutu ake.