Kodi Vcore ndiikweze mpaka pati?

M'bale wina wa ku Ndirande wandilembera imelo sabata yathayi. Ali ndi purosesa ya Intel Core i5-9600K pa motherboard ya Z390, ndipo akufuna iziyenda pa 5.0 GHz. Anakweza multiplier, nambala yochulukitsira liwiro la purosesa, kufika pa 50, Windows n'kutseguka bwinobwino, koma akangoyamba gemu sipatenga mphindi khumi, sikirini yasanduka ya buluu. Mnzake wamuuza kuti angoika Vcore pa 1.45 V nkhani ithe. Ndiye akufunsa ngati achitedi zimenezo.

Ayi achimwene, musatero. Mnzanuyo matenda wawaona bwino, koma mankhwala wachulutsa.

Vcore ndi magetsi amene motherboard imapereka ku ma core a purosesa. Yanuyo inachoka kufakitale ikuyenda pa 3.7 GHz, ndipo ntchito ikakula imadzikweza yokha mpaka 4.6 GHz. Inu mwaiuza kuti ma core onse 6 azithamanga pa 5.0, ndiye kuti 100 MHz kuchulukitsa ndi 50. Pa liwiro limenelo magetsi akaperewera purosesa imayamba kulakwitsa masamu, Windows n'kugwa. Mukaona uthenga wa WHEA_UNCORRECTABLE_ERROR kapena CLOCK_WATCHDOG_TIMEOUT pa sikirini ya buluuyo, kawirikawiri vuto limakhala lomweli.

Chovuta n'chakuti kutentha sikukwera mofanana ndi magetsi. Kumakwera ngati mwachulukitsa voteji ndi voteji yomweyo. Kuchoka pa 1.20 V kufika pa 1.45 V kumaoneka ngati kasitepe kakang'ono, koma mphamvu imene purosesa ikudya imakwera ndi pafupifupi 46 peresenti, tisanawerengere za liwiro lowonjezeralo. Yonseyo imasanduka kutentha, ndipo 9600K ikafika pa madigiri 100 imadzichepetsa yokha liwiro kuti isapse. Mudzapezeka mwalemba 5.0 mu BIOS, menyu ya motherboard yosinthira zinthu zimenezi, koma makina akuyenda mochedwa kuposa kale.

Ine ndikanachita chonchi. Lowani mu BIOS, bwezani multiplier pa 47, chotsani Vcore pa Auto muike Manual pa 1.25 V. Za Auto ndinene pang'ono: ma board ambiri mukakweza multiplier amangothira magetsi mosaumira kuti kompyuta isagwe, ndipo simudziwa mpaka mutatsegula pulogalamu yoonetsa magetsi ndi kutentha ya HWiNFO n'kugwira pakamwa. Kompyuta ikayaka, yendetsani pulogalamu yopanikiza purosesa ya OCCT kapena Prime95 kwa theka la ola, maso ali pa kutentha. Ikapirira, kwerani pa 48. Ikagwa, onjezani 0.01 V yokha, muyesenso. N'zotopetsa, inde, Loweruka lonse litha kuthera pamenepo. Malire anga pa mapurosesa a m'badwo umenewu ndi 1.35 V ndi madigiri 85 pa nthawi yoyesa. Chimodzi mwa ziwirizi chikafika, ndimaima pomwepo.

Pali china chimene chimasokoneza anthu ambiri. Mwaika 1.30 V, koma purosesa ikasenza katundu HWiNFO ikuonetsa 1.26 V. Kutsika kumeneku amakutcha Vdroop, ndipo si kuwonongeka. Mu BIOS muli Load-Line Calibration yochepetsera kutsikako. Iikeni pakatikati. Mukaifikitsa kumapeto, magetsi amadumpha kupitirira muyeso wanu ntchito ikangotha mwadzidzidzi, mwachangu kwambiri moti pulogalamu siionetsa. Werenganinso buku la board yanu, chifukwa kwa ena Level 1 ndiye yamphamvu kwambiri pomwe kwa ena ndiye yofooka.

Magetsi ochuluka sapha purosesa tsiku limodzi, amaidya pang'onopang'ono. Mu 2024 Intel inavomereza kuti mapurosesa ena a m'badwo wa 13 ndi 14 ankapempha voteji yopitirira muyeso n'kumafooka, ndipo inatulutsa microcode yatsopano, malangizo amkati mwa purosesa, komanso kuwonjezera zaka ziwiri pa waranti. Amenewo eni ake ambiri sanakhudze n'komwe BIOS. Nanga inu woika 1.45 V ndi dzanja lanu, pa purosesa imene mwina munagula yogwiritsidwa kale ntchito?

Musaiwalenso nyengo. Zimene mwayesa mu Juni kukuzizira sizingapirire mu Okutobala, m'chipinda cha malata masana. Mpweya wa m'chipinda ukakwera ndi madigiri 10, purosesa nayo imakwera chimodzimodzi. Siyani mpata. Pukutani fumbi pa cooler, choziziritsira purosesa, ndipo ngati thermal paste yake, phala lopaka pakati pa cooler ndi purosesa, inauma ngati chikhokho cha nsima, sinthani musanakhudze voteji.

Tsiku lina sikirini idzangoti bii, mafani akuzungulira koma osaonetsa kanthu. Musathamangire kwa okonza. Zinandichitikira pa i5-2500K yanga yakale usiku wina, mtima unachita kuti phaa, ndikuwerengera kale ndalama ya board ina. Ndinazula chingwe kukhoma, n'kuchotsa kabatire kozungulira ka CR2032 kaja ndi nsonga ya sikuludiraiva, ndinadikira mphindi zisanu, n'kukabwezera. BIOS inabwerera mwakale, kompyuta n'kuyaka. Kuyambira pamenepo ndimalemba m'kope sitepe iliyonse ndisanasindikize F10, batani losungira zimene ndasintha mu BIOS.

Mwinanso purosesa yanuyo sidzafika pa 5.0, chifukwa ngakhale ziwiri za dzina limodzi sizifanana. Ikakhazikika pa 4.8 GHz ndi 1.28 V, kusiyana kwake ndi 5.0 ndi pafupifupi 4 peresenti, ndipo m'gemu simudzakuona. Mukayesa mundilemberenso, munditumizire chithunzi cha HWiNFO komanso dzina la cooler yanu, chifukwa mu imelo ija simunaitchule.