Kwa achemwali amene mwafunsa za ntchito pa viza ya sukulu ku UK

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga kawiri, ndawerenganso zimene ena akuyankhani, ndipo mtima wakana kuti ndingodutsa. Mwati CAS yanu, chitsimikizo cha yunivesite choti yakulandirani chimene mumapemphera viza, yatuluka, mukubwera mu Seputembala kudzachita masters ya chaka chimodzi, theka la fizi mwalipira kale ndipo yotsalayo mukuti mudzaipeza mukadzayamba ntchito kuno. Mwafunsanso ngati mungamadzaluke anthu tsitsi kumapeto kwa sabata, popeza ndi luso lomwe lakhala likukudyetsani kumudzi. Ena akuuzani kuti ingobwerani, ntchito kuno ndi mbwee, mashifiti mudzachita kuwakana nokha. Sakunama, ntchito iliko. Koma ambiri mwa amene akukulimbitsani mtimawo ali pa mapepala a mtundu wina, ndipo malamulo awo si anu. Ine ndinabwera pa viza yomweyi, choncho ndikuuzani monga ndingauzire mng'ono wanga.

Pa Student visa, munthu amene akuchita digiri kapena masters ya tsiku lonse pa yunivesite yovomerezeka amaloledwa kugwira ntchito maola osapitirira 20 pa sabata nthawi imene sukulu ili mkati. Amene akuchita maphunziro ochepera pa digiri amapatsidwa maola 10, ndipo amene akuphunzira mwa part-time saloledwa kugwira ntchito n'komwe. Zanu zenizeni zidzalembedwa pa eVisa yanu, viza ya pa intaneti imene mumaiona mu akaunti ya UKVI, ofesi ya boma yoona za maviza, chifukwa makhadi aja a viza otchedwa BRP anatha ntchito kumapeto kwa 2024. Mukangolandira viza, kaziwerengeni nokha musanamve za munthu wina aliyense, ngakhale ine ndemwe.

Pomwe anthu ambiri amagwera ndi pa mawu akuti "sabata". Home Office, unduna woona za olowa ndi otuluka m'dziko, imawerenga sabata kuyambira Lolemba mpaka Lamulungu, ndipo sabata iliyonse imaima payokha. Simungagwire maola 10 sabata ino n'kudzagwira 30 sabata ya mawa poganiza kuti mukaphatikiza n'kugawa pawiri zikwanira. Maola 20 amenewa ndi a ntchito zonse pamodzi: ngati muli ndi mabwana awiri, wina wa ku care home (nyumba yosamalira okalamba) wina wa ku sitolo, mumawonkhetsa onse. Tsiku la training limene akukulipirani nalonso limalowa m'gulu lomwelo. Mashifiti ambiri a ku care amakhala a maola 12, ndiye awiri okha akuponyani kale kunja kwa malire. Ngakhale ntchito yosalipidwa, ikakhala kuti muli ndi maola oikika ndiponso bwana amene akuyembekezera kuti mubwera, imawerengedwa. Kukathandiza kutchalitchi mwa kufuna kwanu, tsiku lomwe mwapeza mpata, ndi nkhani ina ndipo palibe amene angakuvutitseni nayo.

Ine ndinali ndi kapepala pachitseko cha filiji. Lamulungu lililonse madzulo ndinkalemba masiku asanu ndi awiri kuyambira Lolemba, ndipo ndikaweruka ndinkalemba maola ndisanavule nsapato. Tsiku lina Loweruka m'mamawa, kunja kudakali mdima wa mu Novembala, foni inalira. Anali manejala wa kumene ndinkasamalira okalamba. Anthu awiri sanabwere, anali pamoto, anandipempha kuti ndikagwireko maola asanu ndi limodzi okha. Ndinayang'ana kapepala kaja: ndinali nditafika kale pa 18. Lendi inali itayandikira, kumudzi anali atandiuza za mankhwala a amayi. Ndinamuuza kuti ndatsala ndi maola awiri basi. Iye anati tidzalemba enawo pa sabata ya mawa, palibe adzadziwe. Ndinakana, mawu akunjenjemera, ndipo kwa masabata awiri anandichepetsera mashifiti. Zinandipweteka kwambiri. Koma viza imene ikanathetsedwa inali yanga, osati yake, ndipo ndalama zimene achibale anasonkha kuti ndikwere ndege zikanalowa m'madzi chifukwa cha maola anayi.

Musaganize kuti boma la kuno limachita kulota. Bwana aliyense wolemba anthu mwalamulo amatumiza ku HMRC, bungwe lotolera msonkho, malipiro anu nthawi iliyonse imene akulipirani, pa nambala yanu ya National Insurance, imene boma limakudziwirani pa nkhani za ntchito ndi msonkho. Musanayambe ntchito amakufunsani share code, imene mumaitenga pa webusaiti ya boma ndipo imagwira ntchito masiku 90, kuti aone okha zimene viza yanu ikulola. Kwa wophunzira amafunanso kalata kapena kalendala ya yunivesite yosonyeza masiku otsegulira ndi otsekera. Amachita zimenezi chifukwa kuyambira mu Febuluwale 2024 chindapusa cholemba munthu ntchito mosemphana ndi lamulo chimafika £45,000 pa munthu mmodzi koyamba, ndi £60,000 akabwereza. Kwa inu, kupyola maola ndi kuswa malamulo a viza. Ikhoza kuthetsedwa, ndipo mbiri imeneyo imakutsatani pa viza iliyonse imene mudzapemphe m'tsogolo. Kawirikawiri zimatulukira mochedwa, munthu atamaliza kale sukulu, pamene akupempha pepala lina n'kuona akumufunsa za mapayslip a chaka chatha.

Nthawi ya holide mumaloledwa kugwira maola onse, koma apa inu a masters mumvetsetse bwino. Holide ndi imene yunivesite yanu yalemba pa kosi yanu, osati imene mukuona anzanu a digiri yoyamba akupita kwawo. Khirisimasi ndi Isitala nthawi zambiri zimakhala holide. Koma kuyambira mu Juni mpaka Seputembala, pamene makalasi atha ndipo mukulemba dissertation, lipoti la kafukufuku wanu, muli kuchipinda kwanu, mayunivesite ambiri amati sukulu idakali mkati, ndiye maola ndi 20 omwe aja. Anthu ambiri amaphonya pamenepa popanda cholinga choipa. Amaona kuti sakupitanso m'kalasi, amavomera mashifiti a sabata yonse. Ngakhale mutapereka dissertation msanga, musadzithamangire. Dikirani tsiku limene yunivesite ikuti kosi yatha, ndipo pemphani kalata ku ofesi ya ophunzira ochokera kunja kuti mukapatse abwana anu. Kosi ikatha mwalamulo mumatha kugwira maola onse m'miyezi yotsala pa viza, bola isakhale ntchito yokhazikika ya permanent.

Tsopano za tsitsi, ndipo ndikudziwa kuti apa ndikukhumudwitsani. Viza ya sukulu imaletsa kudzilemba wekha ntchito ndiponso kuchita bizinesi ya mtundu uliwonse. Kwathu geni ndi moyo. Munthu wogwira ntchito m'boma amagulitsanso kaunjika, mphunzitsi amaphika mandasi, palibe amene amadabwa. Kuno, pa viza imeneyi, geni ndi mlandu. Kuluka anthu tsitsi pabalaza panu n'kulandira ndalama m'manja ndi bizinesi. Kubweretsa zitenje, usipa ndi Nali m'sutikesi n'kumagulitsa pa WhatsApp ndi bizinesi. Kuphikira anthu nsima ndi chambo pa zinkhoswe n'kulipidwa, kusoka, kujambula zithunzi pa maukwati, kuphunzitsa ana a anthu masamu mwa inu nokha, zonsezi zili m'thumba limodzi. Sizitengera kuti mwagwira maola angati. Ngakhale ola limodzi n'loletsedwa. Ndipo umboni wake timaupereka tokha: tikalengeza pa Facebook ndi mitengo yomwe, ndalama zikumalowa mu akaunti ya ku banki zitalembedwa kuti "hair".

Luso lanulo silinafe ayi. Ngati saluni itakulembani ngati wantchito wake, n'kumakulipirani kudzera pa payroll ndi kukupatsani payslip, imeneyo ndi ntchito yololedwa, ilowa m'maola 20 aja. Chenjerani ndi masaluni amene amati mungolipira mpando n'kumalandira nokha kwa makasitomala, chifukwa kumeneko ndiko kudzilemba wekha kuja. Funso loti muzifunsa kulikonse ndi limodzi: kodi mundilipira pa PAYE, msonkho mukudula ndinu? Akayamba kunena zoti muzitumiza invoice kapena mukalembetse nokha ku HMRC, tembenukani. N'chifukwa chake ntchito zoperekera zakudya pa njinga za Deliveroo ndi Uber Eats n'zoletsedwa kwa inu: oyendetsawo amatengedwa ngati odzilemba okha. Kugwirira ntchito kampani ya ku Lilongwe pa laputopu muli ku Leeds nakonso sikukuthawitsani. Lamulo limayang'ana pamene thupi lanu lili. Masewera olipidwa, ukochi wa masewera ndi kuimba kolipidwa nazonso n'zoletsedwa.

Pali chinthu china chimene chimandiwawa chifukwa chimachitika pakati pa ife tokha. Mukadzafika, padzapezeka munthu wolankhula Chichewa chokoma, wokuitanani kuti mlongo wanga, amene adzati mugwire ntchito pa dzina lake kapena pa akaunti yake, ndalama zizilowa kwa iye, azikupatsani atachotsapo yake. Ndinakhalapo nyumba imodzi ndi mtsikana amene anavomera zimenezi. Miyezi iwiri yoyamba analandira. Mwezi wachitatu anayamba kuuzidwa kuti mawa, mawa. Ndinamupeza usiku wina kukhitchini atakhala pansi, yunifolomu idakali m'thupi, akuwerenga pa foni mashifiti amene anagwira osalipidwa. Sakanatha kukadandaula kulikonse, chifukwa kudandaula kukanakhala kudziulula yekha. Amene amakulowetsani m'njira imeneyi amadziwa bwino lomwe kuti wakumangani pakamwa. Chimodzimodzi ndi ntchito za cash in hand: tsiku limene bwana wakana kulipira, mulibe pogwira.

Koma nkhani yaikulu mu funso lanu ndi ya fizi, ndipo ndikupemphani muwerenge masamu awa modekha. Kuyambira mu Epulo 2025 malipiro otsikitsitsa kwa munthu wa zaka 21 kupita m'tsogolo anali £12.21 pa ola. Maola 20 akupatsani £244 pa sabata, kapena kuti pafupifupi £1,058 pa mwezi, ndipo apo ndiye kuti mwapeza ntchito tsiku lomwe mwafika komanso simunaphonye sabata ngakhale imodzi, zomwe sizichitika. Boma la UK lenilenilo, pa ndalama zimene linkafuna kuti wophunzira asonyeze kuyambira mu Januwale 2025, linkawerengera £1,136 pa mwezi kunja kwa London ndi £1,483 mu London, zongodyera ndi kugonera basi. Manambala onsewa amakwezedwa pakapita nthawi, koma chithunzi chake sichisintha: maola 20 amalimbana ndi lendi, chakudya ndi basi, n'kuthera pomwepo. Fizi ya masters ya munthu wochokera kunja ndi mapaundi zikwi zambiri. Theka lake silingatuluke m'maola amenewa.

Ndikudziwa chifukwa chimene mukuganizira chonchi. Kwacha itagwa ndi 44 pa 100 iliyonse mu Novembala 2023, mabanja ambiri amene anali atasunga ndalama zokwanira anadzuka zitasanduka zoperewera, ndipo kupeza ndalama zakunja ku banki kwathu ndi nkhondo. Sindikukuweruzani. Koma yunivesite ikaona kuti simukulipira imatha kukutsekerani zonse, kenako n'kukuchotsani ndi kudziwitsa Home Office, ndipo viza imafupikitsidwa, nthawi zambiri kutsala masiku 60. Mantha a ngongoleyo ndi amene amakankhira anthu abwinobwino ku maola 40 ndi mayina obwereka. Amagona m'kalasi, amajomba, chonsecho yunivesite imalemba amene wabwera ndi amene sanabwere chifukwa nayo ili ndi udindo wokanena.

Ndiye musanagule tikiti, lemberani ofesi ya zachuma ya yunivesite yanu muwafunse masiku enieni olipirira fizi yotsalayo ndiponso ngati amalola kulipira pang'onopang'ono. Khalani pansi ndi achibale muone ngati ndalamayo ingapezeke popanda kudalira ntchito ya kuno. Ngati siingapezeke, funsani zosunthira malo anu ku chaka cha mawa, ndipo m'chaka chimenecho yesani kupempha thandizo la fizi ku Chevening, Commonwealth kapena Beit Trust, imene imathandiza anthu a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe. Kudikira chaka kumawawa, makamaka anthu atamva kale kuti mukupita, koma n'kopepuka kuyerekeza ndi kubwerera pakati pa kosi mulibe satifiketi, ngongole ili pamsana.

Mukamaliza bwino, pali Graduate visa, imene inayamba mu Julayi 2021. Mumaipempha muli konkuno viza ya sukulu isanathe, yunivesite itadziwitsa kale Home Office kuti mwakhoza. Yakhala ya zaka ziwiri, zitatu kwa a PhD, koma boma linalengeza kuti opempha kuyambira pa 1 Januwale 2027 azidzapatsidwa miyezi 18, kupatula a PhD. Pa viza imeneyo malire a maola palibe, ndipo geni ndi yololedwa. Tsitsi lija mukhoza kudzaluka poyera, n'kulembetsa ku HMRC, dzina lanu pa chikwangwani. Kudumphira ku viza ya ntchito kosi isanathe kunatsekedwa mu Julayi 2023, choncho amene akukuuzani kuti mukangofika mudzasinthe mapepala akukamba za kale.

Sabata yoyamba mukafika, kapezeni ofesi ya alangizi a ophunzira ochokera kunja pa yunivesite yanu. Thandizo lawo ndi laulere, ndipo bungwe la UKCISA nalo limafotokoza malamulowa momveka pa webusaiti yake. Pemphani nambala ya National Insurance msanga, ngakhale mutha kuyamba ntchito isanabwere bola share code ili bwino. Sungani payslip iliyonse ndi rota iliyonse mu foda imodzi pa foni. Mundiuze mzinda umene mukubwera; ngati ndi kufupi ndi kuno ndidzakulandirani pa siteshoni, ndipo jekete yoyambira ndili nayo.