Funsani Akonzi: Timano ta m'mphepete mwa ndalama

Funso: Akonzi, m'kachitini ka malemu agogo anga ndapezamo masheleni a nthawi ya Federation ya Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo onse ali ndi timano m'mphepete. Kodi timano timeneti n'tokongoletsa chabe? Ndine mphunzitsi wa ku Kapata, ku Chipata.

Yankho: Aphunzitsi, timanoto tinaikidwa poopa akuba, ndipo gwero lake ndi ndalama zasiliva za ku Ulaya. Kalelo mtengo wa ndalama unali kulemera kwa siliva wake. M'chaka cha 1474 Galeazzo Maria Sforza, wolamulira mzinda wa Milan ku Italy, anatulutsa testone, ndalama ya magalamu pafupifupi 10 yokhala ndi nkhope yake. Mu 1486 Sigismund, wolamulira dera la Tyrol ku Austria, amene ankadalira migodi ya siliva ya ku Schwaz, anasulitsa ina ya magalamu pafupifupi 32. Cha m'ma 1520 ku Joachimsthal, komwe lero ndi Jáchymov m'dziko la Czech Republic, kunatuluka Joachimsthaler, imene anthu anaifupikitsa kuti thaler, ndipo dzinali ndilo linabala dola imene osintha ndalama amaitchula tsiku lililonse pa Mwami, pamalire a Zambia ndi Malawi.

Vuto linali kasulidwe. Wosula ankaika kachidutswa ka siliva pakati pa zidindo ziwiri zachitsulo, n'kumenya chapamwambacho ndi nyundo. Ndalama inkatuluka yopotoka m'mbali, ina chithunzi chitapendekera kumbali, moti munthu wadyera ankatha kusenga pang'ono m'mphepete ndi kampeni, kusunga tizidutswato m'kathumba, n'kukagulira ndalama yopunguka ija ngati yathunthu. N'chifukwa chake wamalonda wanzeru sankayenda wopanda sikelo.

Cha m'ma 1550 amisiri a ku Augsburg, ku Germany, anakonza makina odinda ndalama zobulungira mofanana, ndipo mfumu ya ku France, Henri II, inatengera makinawo ku Paris. Eloy Mestrelle anawayambitsa ku London cha mu 1561, koma osula ndi nyundo sanamulandire, pakuti ankaona kuti akuwalanda nsima pakamwa. Iye anachotsedwa ntchito, ndipo mu 1578 ananyongedwa chifukwa chosula ndalama zachinyengo. Dziko la England linadzasiya nyundo mu 1662, pamene linayamba kudinda timano kapena mawu m'mphepete kuti wosenga azionekera msanga.

Tikuchenjezeni, Aphunzitsi, kuti masheleni a agogo anuwo alibe siliva, chifukwa ndi a mkuwa wosakaniza ndi nickel, ndipo timano take tinangotsalira mwa chizolowezi. Musawapale ndi phulusa kapena mchenga, pakuti osonkhanitsa ndalama zakale amakana yopalidwa.